Nanzikambe ndi Bawuti wa a Chipembere

Padangokhala. Amene muli nane vomerani kuti tili tonse, amene mwangofika kumene khalani pansi, simunachedwe.

Kalelo, nyama zikadali ndi maudindo ngati anthu, m'dziko lonse la nyama mudali chigayo chimodzi chokha. Wapampando wa chigayocho adali mayi Njovu. Kapitawo wonyamula matumba adali a Njati. Mlonda adali a Mvuu, amene ankalondera ali m'tulo. Makaniko adali a Ng'azi, aja a lilime lamphanda, oyenda ndi sipanala m'khwapa ngakhale popita kumaliro.

Tsiku lina gudumu lozungulitsa lamba lidang'aluka, chigayo n'kuima zii. Mayi Njovu adanyamuka okha kukafuna gudumu lina kutauni, ndipo adakhalako mwezi wathunthu.

M'mwezi umenewo Nanzikambe, kamayi kochepa thupi kosintha zovala kasanu pa tsiku, adafika pansi pa chigayo n'kupeza dothi lofewa, losakanikirana ndi gaga, lofunda bwino. Adakumba ndi timanja take kuyambira m'mawa mpaka madzulo, n'kuikira mazira makumi atatu ndi awiri, n'kukwirira, n'kusalaza. Sadauze aliyense. Akadauza bwanji? A Ng'azi akamva fungo la dzira ankaiwala ndi dzina la mayi awo lomwe.

Mayi Njovu adabwera atakoleka gudumu latsopano kumnyanga. Koma kuti latsopano lilowe, lakale lidayenera kuchoka, ndipo lakalelo lidagwidwa ndi bawuti mmodzi wonenepa ngati munsi. Bawutiyo adamumanga malemu a Chipembere tsiku limene chigayo chinkaikidwa, ndipo chimangire palibe adamukhudzapo. Dzimbiri lidamangapo mudzi, n'kubala ana ndi zidzukulu.

"Bawuti ameneyu ndikumudziwa," adatero a Ng'azi atangomuponyera diso kamodzi. "Mankhwala ake ndi moto. Tiunjike nkhuni pansipa, afiire psuu, amasuka yekha ngati pakamwa pa munthu woledzera."

Pamene ankalozapo ndi sipanala padali pomwe padali mazira paja.

"Moto pansi pa denga laudzu?" adafunsa mayi Njovu. "Ndiye tisasule denga, tichotse lamba, zonsezo chifukwa cha chitsulo chimodzi? Ayi. Amuna mulipo atatu pano. Ndikukupatsani masiku atatu, aliyense tsiku lake. Mukalephera nonse, tsiku lachinayi tiyatsa."

Nanzikambe adamva zonsezi ali pamzati, thupi lake n'kutuwa ngati phulusa. Kufukula mazira sakadatha, akadasweka. Kuulula sakadatha, akadadyedwa. Njira idali imodzi basi: bawuti atuluke moto usanayake.

Adazungulira kuseri kwa chigayo, kumene mchira wa bawuti udatulukira pang'ono. Inu mukudziwa maso a nanzikambe, lililonse limayenda ulendo wakewake. Diso limodzi adaliika pa mchira wa bawuti wamkuluyo, lina pa kabawuti kena kogwira mwendo wa chigayo. Adayang'ana, adayang'ananso. Mazinga a kabawuti kaja adapendekera uku. Mazinga a bawuti wa a Chipembere adapendekera uko.

"Ohoo," adatero chamumtima. "Uyu ngwamanzere. Ukamapotolera komasulira, iye amamangika."

Tsiku loyamba lidali la a Ng'azi. Adabwera atavala ovolosi, n'kuyala masipanala asanu ndi awiri motsatana misinkhu kuti aliyense aone. Amayi a Nkhanga, amene ankabwera tsiku ndi tsiku ndi madengu a chimanga kudzaona ngati chigayo chadzuka, adakhala pamzere kuonerera. A Ng'azi adagona chagada pansi pa chigayo, msana wawo pamwamba penipeni pa mazira, n'kukoleka sipanala yaikulu.

"A Ng'azi," adatero Nanzikambe, "mazinga ake mwawaona kuseriku?"

"Wati chiyani?"

"Ndimati mazinga akewa..."

"Iwe, makaniko pano ndi ndani? Ine ndinayamba kumasula mabawuti mayi ako asanaphunzire kusintha mtundu. Ukatchulanso mazinga ndikukoleka pasipanalapa, ndikuzungulitse ngati nati."

Onse adaseka. Kuseka kuli mkati, nzeru idamufikira Nanzikambe. Akadawauza lero, akadayesa kamodzi mbali inayo monyinyirika, dzimbiri likadali ndi mphamvu zake zonse. Bawuti akadakana, iwo akadamuseka, ndipo mbali imeneyo sakadayesanso mpaka kalekale. Kudali bwino ayambe wathana ndi dzimbiri, zamazingazo azisunge m'mimba.

A Ng'azi adakoka, adakankha, adaponda ndi mwendo, mchira ukukwapula fumbi. Bawuti ali nganganga. Adalavulira m'manja n'kukokanso, sipanala n'kupulumuka, zala zawo n'kukamenya chitsulo, gwa!

"Mayo ine! Sipanala yanjinso imeneyi? Zitsulo zamasiku ano n'zosalimba."

Adagona pomwepo akuyamwa zala. Kenaka lilime lawo lidatuluka, lidalowa, lidatulukanso.

"Koma pansi pano pakununkhira kanthu," adatero. "Kafungo kake ngati kadzira kadzira."

Mudaonapo nanzikambe akufulumira? Tsiku limenelo adafulumira. Adakatenga koloboyi m'kanyumba ka alonda, n'kupempha nthenga imodzi kwa amayi a Nkhanga. Atafika pafupi ndi mphuno ya a Ng'azi adadzipunthwitsa dala, palafini n'kutayikira pansi.

"Pepani, bwana makaniko, miyendo yangayi."

"Fwee! Wandipha mphuno, kachitsiru iwe!" A Ng'azi adatuluka akuyetsemula, za kadzira n'kuiwala.

"Nyale masana ano, yachiyani?" adafunsa mayi Njovu.

"Ndabwera kudzazonda wodwala, mayi. Kwathu wodwala sitimukoka. Timamudzoza mafuta, timamuimbira."

"Bawuti ndi wodwala?"

"Wagona zaka makumi awiri osatembenuka. Mukadatero inuyo, tikadati muli bwino?"

Mayi Njovu adaseka mpaka makutu adakupiza fumbi. "Musiyeni adzoze. Amuna alephera kale lero, tione unamwino."

Nanzikambe adakwera pagudumu. Adaviika nthenga m'palafini n'kudontheza pakhosi pa bawuti, dontho, dontho, akudikira lililonse lilowe asanathire lina. Adapita kuseri n'kudonthezanso pamchira. Kenaka adatola kamwala n'kuyamba kugogoda mutu wa bawuti, go, go, go, uku akuimba.

Nyimbo yake inkayenda ngati mwini wake, mapazi awiri kutsogolo, limodzi m'mbuyo. Inkamunyengerera bawuti monga anyengererera mkamwini wokwiya amene wadzitsekera m'nyumba: kumutchula ndi ulemu, kumuuza kuti madzi osamba afunda, kuti palibe amuseke akatuluka. Pothera pake padali funso lofuna ovomera. Tsiku limenelo palibe adavomera. Funsolo lidangolendewera m'mwamba, iye n'kuyambiranso.

Tsiku lachiwiri lidali la a Njati. Adabwera atasenza paipi yaitali ngati nsichi.

"Vuto la a Ng'azi ndi manja," adatero. "Timanja ngati ta khanda. Mayi, uzani anthu apete chimanga, madzulo ano tigaya."

"Inu kokani," adayankha a Ng'azi. "Pakamwa aliyense ndi makaniko."

A Njati adalowetsa sipanala m'kamwa mwa paipi kuti chogwirira chitalike, n'kugwira kumapeto. Adakoka ziboda zikulima pansi. Adakoka maso atafiira, misempha ya m'khosi itaima ngati zingwe. Chidayamba kusuntha.

"Akubwera! Akubwera!" adafuula.

Koma chimene chidasuntha chidali paipi. Idapindika ngati uta, kenaka idavuka, a Njati n'kubwerera chafutambuyo mpaka kukakhala pansi m'dengu la chimanga, phwata! Amayi a Nkhanga adaseka onse pamodzi, ndipo inu mukudziwa kuseka kwa nkhanga, kumamveka kutsidya.

"Akapitawo, mwagaya ndithu," adatero mmodzi. "Koma mwagaya dengu."

"Paipi yabodza iyi," adatero a Njati akudzisansa. "Ikadakhala paipi yeniyeni bwenzi pano tikukamba zina."

Phokoso lili mkati, a Ng'azi adakwawira pansi pa chigayo, ati kukaona ngati bawuti wasunthako. Palafini wadzulo adali atauluka. Lilime lidatuluka, lidalowa.

"Kabweranso kafungo kaja."

Adayamba kupalasa dothi ndi chikhadabo. Kamodzi. Kawiri.

"A Ng'azi," adaitana Nanzikambe ndi mawu ozizira, "masipanala anu aja alipo angati?"

"Asanu ndi awiri. Bwanji?"

"Ayi, palibe. Ndimangoona ngati a Mvuu akutokosera m'mano ndi kakang'ono kaja."

A Ng'azi adatuluka ngati muvi. A Mvuu adali m'tulo pamthunzi, osadziwa kanthu, ndipo adadzidzimuka a Ng'azi atalowetsa mutu wonse m'kamwa mwawo kufunafuna sipanala. Mkangano wake udatenga nthawi yokwanira kuti Nanzikambe akwirire popalasidwa paja, awazepo palafini m'mbali, akwerenso pagudumu ndi nthenga yake.

Dontho, dontho. Go, go, go. Nyimbo ija idayambanso, mapazi awiri kutsogolo, limodzi m'mbuyo. Tsiku limeneli idaonjeza kumulonjeza mkamwini wokwiya uja kuti apongozi ake apepesa. Itafika pafunso lija, mayi mmodzi wa a Nkhanga adavomera mosazindikira. Wachiwiri adatsatira. Pofika ulendo wachitatu mzere wonse unkavomera, mitu ikugwedera pamodzi.

"Taonani," adatero a Njati. "Dziko latha. Chitsulo akuchiimbira."

Tsiku lachitatu lidali la a Mvuu. Iwo sadalonjeze kanthu, adangoyasamula n'kunyamula hamala. Adakoleka sipanala n'kuyamba kuimenya kumchira kuti ipotoke, mbali yomwe ija anzawo ankapotolera. Adamenya mpaka sipanala idalira ngati belu, mpaka makona a mutu wa bawuti adayamba kudyeka.

"Basi, basi!" adakuwa a Ng'azi. "Mukabulungiza mutuwo sipanala igwira pati?"

"Ndiye ndingophwanya zonse," adatero a Mvuu akukweza hamala.

"Mukaphwanya chigayo changa," adatero mayi Njovu, "mudzakhala inuyo chigayo. Mano muli nawo."

A Mvuu adatsitsa hamala n'kuyamba kuyang'ana kumthunzi. Apo Nanzikambe adayandikira.

"Achimwene a Mvuu, n'zoona zimene amakamba amayiwa?"

"Amati chiyani?"

"Amati pa unyamata wanu mukagwira ng'oma, atsikana ankasiya mitsuko pachitsime."

A Mvuu adatsegula maso onse awiri, chinthu chimene sichinkachitika kawirikawiri. "Amakumbukabe?"

"Amakumbuka. Tsono nyimbo yangayi ilibe woimba ng'oma, kamwala kanga sikamveka. Mukadamagogoda pamutu pa bawutipa ndi hamala yanuyo, pang'onopang'ono, osati mophwanya, mongotsata nyimbo..."

Adadontheza palafini, koloboyi n'kuuma. Nyimbo idayamba, ndipo tsiku limeneli idali nyimbo yeniyeni. Nanzikambe akutsogolera, amayi a Nkhanga akuvomera ndi m'manja momwe, a Mvuu akugunda pamutu pa bawuti, ngi, ngi, ngi, mapazi awiri kutsogolo, limodzi m'mbuyo. Mkamwini uja tsopano ankauzidwa kuti mudzi wonse waima pakhomo pake, ana akufunsa kuti atuluka liti. Mayi Njovu adayesa kuuma nkhope, koma phazi lawo lakumbuyo lidawapereka, linkaponda lokha.

Diso limodzi la Nanzikambe lidali pa oimba. Lina lidali kuseri, kumchira wa bawuti, ndipo lidaona kafumbi kofiira kakuyoyoka ngati fodya wopera. Mudzi wa dzimbiri udayamba kusamuka.

Nyimbo itatha mayi Njovu adausa moyo. "Waimba bwino, mwana wanga. Koma nyimbo sigaya chimanga. Amayiwa manja atha ndi matuza kusinja pamtondo. Mawa moto."

"Ndipo moto ukazima," adatero a Ng'azi akunyambita milomo, "ndikumba pansi paja. Chilichonse chimene chikundinunkhira masiku onsewa ndichidya chootcha."

M'mawa wa tsiku lachinayi denga lidasasulidwa, lamba adachotsedwa, nkhuni zidaunjikidwa pansi pa chigayo mpaka kugunda gudumu. A Ng'azi adaima ndi machesi m'manja, chifuwa chili patsogolo.

Ndipo Nanzikambe adatulukira. Adavala zofiira ndi zachikasu, mitundu imene ankaisungira masiku aakulu. Adadutsa pakati pa bwalo mutu uli m'mwamba, osafulumira ngakhale pang'ono, phazi kutsogolo, kuganiza, phazi lina. Adakwera pamwamba pa mulu wa nkhuni n'kukhala ngati wakhala pampando.

"Tsika apo," adatero a Ng'azi, "kapena upsere limodzi."

Iye sadawayang'ane n'komwe. Adatembenukira kwa amayi a Nkhanga n'kuyankhula mokweza ndithu.

"Amayi, ine chondimvetsa chisoni n'chimodzi. A Chipembere adapita nazo kumanda mphamvu zonse za dziko lino."

Khutu la a Njati lidagwedera.

"Ukuti chiyani iwe?"

"Ayi, sindikunena inu, akapitawo, ndikungokumbuka. Akuti tsiku lomanga bawuti uyu a Chipembere ankamanga ndi dzanja limodzi, lina akudyera nzimbe. Atamaliza adati, ndasiyako pang'ono, m'dziko muno mukadzabadwa mwamuna adzamalize kumanga. Mpaka lero sanabadwe."

"Chipembere? Chipembere yemwe uja ndinkamugwetsa tili anyamata?"

"Kaya, ine kunalibe. Kumasula kwakukanikani, tonse taona, palibe mlandu, dzimbiri ndi dzimbiri. Koma kumanga, kungopititsako patsogolo pamene adasiyira malemuwo, kachidutswa ngati chikhadabo changachi... Ayi, musayese. Mungathyoke msana, ana anu akadali aang'ono."

Amayi a Nkhanga adayamba kunong'onezana. Mmodzi adaseka kamodzi kokha, n'kudzitseka pakamwa ndi phiko. Kuseka kumeneko ndiko kudamaliza ntchito.

"Patseni sipanala!" adabangula a Njati.

"A Njati," adatero mayi Njovu, "tikufuna kumasula ife, osati kumanga!"

"Asiyeni, mayi," adatero a Ng'azi, amene ankalakalaka kuona a Njati atakhalanso m'dengu. "Amange mmene angathere. Moto umasula zonse."

A Njati adakankhira nkhuni pambali ndi mwendo, adakoleka sipanala, adaitsamira ndi chifuwa chonse, n'kukankhira mbali yomangira.

Bawuti ali nganganga.

Nanzikambe adamva mitundu yonse ikuthawa m'thupi mwake. Adayamba nyimbo ija chapansipansi. Ulendo uno idalibe malonjezo, lidangotsala funso lija lokha, kubwereza, kubwereza. Amayi a Nkhanga adavomera. A Mvuu adaomba pamimba pawo ngati ng'oma. A Njati adafwenthera, ziboda zidalowa m'dothi.

Khweee!

Kudalira ngati chitseko cha nyumba yosiyidwa. Sipanala idasuntha.

"Mwaona?" adafuula a Njati. "Mwaona? Kamuuzeni Chipembere kumandako!"

"Mwayesetsa, akapitawo," adatero Nanzikambe. "Kungoti malemuwo ankati akagwira sipanala ankazungulitsa katatu osapuma."

"Katatu? Werenga!"

Adazungulitsa kamodzi. Adazungulitsa kawiri, sipanala ikupepukirapepukira, iwo n'kumati mphamvu zikuchuluka. Kachitatu adazungulitsa ndi dzanja limodzi, lina atagwira m'chiuno, akuyang'ana amayi a Nkhanga. Kachinayi, kachisanu, adafika pomazungulitsa ndi chala. Ndipo bawuti wa a Chipembere adasolomoka, adalendewera pang'ono, n'kugwa pansi, ngwee! Gudumu lakale lidapendekeka n'kutsamira pamapewa a a Njati ngati mwana watulo.

Amayi a Nkhanga adasolola makosi kuti aonetsetse.

A Njati adayang'ana sipanala, adayang'ana bawuti, adayang'ana mayi Njovu.

"Ndamanga," adatero ndi mawu aang'ono. "Ndamanga mpaka watuluka."

"Zatheka bwanji zimenezi?" adafunsa mayi Njovu. "A Ng'azi, ndinu makaniko, tafotokozani."

A Ng'azi adayamba kupukuta masipanala awo ndi ovolosi.

Nanzikambe adakwera pamwamba penipeni pa chigayo. Mitundu yake idabwerera yonse, ndi ina imene palibe adaionapo. Adakweza mutu.

"Ndagi!"

"Gize!" adayankha onse, pakuti ndagi ikaponyedwa pakamwa pamayankha pokha.

"Kwathu kudabwera mlendo. Ukamupitikitsa amakhazikika, ukamukakamiza kuti akhale amanyamuka."

"Tulo," adatero a Mvuu.

"Tulo kwa inu si mlendo, achimwene, ndi mwini nyumba. Ayi."

"Ntchentche," adatero a Ng'azi.

"Ayi."

"Apongozi," adatero a Njati, amayi a Nkhanga n'kugwa nako kuseka.

"Ayi. Mwalephera? Ndibayireni ng'ombe."

"Palibe abaye ng'ombe pano!" adalusa a Njati. "Ng'ombe ndi ana a azakhali anga!"

"Pepani, akapitawo, ndinaiwala chibale. Ndiye m'malo mwa ng'ombe ndipatseni kanthu kochepa. Kadothi kali pansi pa chigayoka, kuyambira mwendo uwu kufika uwo, kakhale kanga. Ndimakonda kupumulirapo."

"Kokhako?" adatero mayi Njovu. "Tenga. Imvani nonse: pansi pa chigayo ndi kwa Nanzikambe. Wokumbapo, woyatsapo moto, wogonapo, aonana ndi phazi langa."

"Nanga ine pokonza chigayo?" adadandaula a Ng'azi.

"Muziyamba mwaodira, ngati pakhomo pa mwini. Tsono tiuze, mwana wanga, mlendoyo ndi ndani?"

"Ali pamapazi panupo, mayi. Mutoleni, mumuike pafupi ndi bawuti wina aliyense, muone mazinga."

Mayi Njovu adatola bawuti ndi chitamba, n'kumugundanitsa ndi kabawuti ka pamwendo wa chigayo. Onse adaunjikana kuyang'ana. Mazinga ena uku, ena uko.

"Ngwamanzere," adatero Nanzikambe. "Gudumuli likamazungulira limakokera bawuti mbali imodzi tsiku lonse. Akadakhala ngati anzake bwenzi akumasuka yekha chigayo chili mkati mogaya, gudumu n'kuulukira munthu. Ndiye adamupanga wosemphana. Masiku atatu onsewa, a Ng'azi ndi sipanala, a Njati ndi paipi, a Mvuu ndi hamala, mumathandiza a Chipembere kumanga."

"Ine ndimadziwa," adatero a Ng'azi. "Ndimangofuna kuona ngati pali wina wozindikira."

"Tathokoza, bwana makaniko," adatero mayi Njovu. "Poti mumadziwa, nkhunizi mwaunjika pakhomo pa mwini wake. Zichotseni nokha, imodziimodzi, ndipo muodire."

Ndipo a Ng'azi, makaniko wa dziko lonse, adagwada kutsogolo kwa chigayo anthu onse akuona.

"Odi."

"Sindinamve," adatero Nanzikambe.

"Odi kuno!"

"Lowani, koma mupondepo bwino."

Madzulo a tsiku lomwelo gudumu latsopano lidalowa. Nanzikambe adaimirira pamwamba kulangiza kuti bawuti ayambe wapakidwa girisi, ndipo a Njati pomanga adafunsa kaye kuti, "Mayi, ndipotolere kuti?" Mayi! M'mawa wake womwe ankamutchula kuti iwe. Chigayo chidatsokomola, chidabangula, ufa n'kuyamba kutsika, amayi a Nkhanga akululutira.

Padapita miyezi. Mvula yoyamba itagwa, lamba adayamba kulira, a Ng'azi n'kubwera ndi sipanala m'khwapa kudzamukunga. Adagwada monga mwa lamulo.

"Odi."

"Dikirani pang'ono," adatero Nanzikambe. "Ana akudzuka."

"Ana ati?"

Dothi lidagwedera. Padatuluka kamutu kochepa ngati nyemba, timaso tikuyenda lililonse ulendo wake. Padatulukanso kena, ndi kena. Tidayamba kukwera mwendo wa chigayo pamzere, phazi kutsogolo, kuganiza, phazi lina. A Ng'azi adawerenga mpaka makumi atatu ndi awiri. Adayang'ana dzenje, adayang'ana tizikamba ta mazira tili mbwee m'dothimo.

"Apa? Pomwe ndinagona chagada paja? Makumi atatu ndi awiri, pansi pa msana wanga?"

Nanzikambe adayang'ana ana ake ndi diso limodzi, a Ng'azi ndi linalo.

"Ana inu," adatero, "perekani moni kwa amalume. Ndiwo adakufungatirani."

Nthano yanga yamasukira pomwepa, yagwa pansi. Wotola asunge.